Uvuni wa Mchenga ku Kamitondo

Nkhani iyi anayamba kundiuza ndi Ba Ednah, mayi wogulitsa munkoyo, chakumwa chonga thobwa chopangidwa ndi mizu ya m'tchire, pa msika wa Chongwe, kuseri kwa pokwerera mabasi a ku Lusaka. Ndinali nditakhala pa benchi yawo phazi limodzi lili pamtunda, kudikira wosoka kuti atseke pakamwa pa nsapato yanga imene inayasama ndikuchokera ku Rufunsa. Ine ndine munthu wosakhazikika. Sukulu ndinaisiyira panjira, ntchito ndagwira zosawerengeka, ndipo katundu wanga yense ndi nkhani za anthu amene mwina sindidzawaonanso. Ndiye mayiwo atandithirira kapu yachiwiri n'kunena kuti, "Imwani bwino, atate, uyu munkoyo unasala pang'ono kusowa chifukwa cha chibili chimozi chabe," nsapato ija ndinaiiwala.

Chibili ndi dzina la kuno la uvuni wa makala, ndipo makalawo amati malasha. Ba Ednah anandipatsa mutu ndi mchira wa nkhaniyi. Zapakati ndinakazitola ndekha ku Nkomeshya, pakamwa pa eni ake.

Kumeneko kuli kankhalango kotchedwa Kamitondo. Zaka zapitazo kanatsala pang'ono kuthera m'matumba opita ku Lusaka. Kenako anthu a midzi itatu anapanga gulu. Owotcha makala anapachika ming'oma ya njuchi m'mitengo imene kale akanaigwetsa, amayi nagwirizana malamulo a kakumbidwe ka mizu ya munkoyo, kazulidwe ka bowa ndi katoledwe ka masuku. Zaka zinayi anaponda msewu wa ku boma kupempha pepala loti nkhalangoyo aziisamalira okha n'kumadyamo okha, isadulidwe mapuloti. Pepalalo linatheka. Ba Twaambo, mayi wa ku ofesi ya zankhalango, anati adzabwera nalo Lachisanu kuti wapampando adzalivomereze pamaso pa anthu. Koma munali mzere umodzi wolimba: membala wa gulu akangopezeka akuwotcha makala m'menemo, pangano lafa.

Wapampandoyo anali Ba Fabiano Mbewe, amene kale makala awo ankagulidwa asanazizire n'komwe. Ndiwo anayamba kupachika mng'oma.

Lamlungu la sabata lomwelo, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pa mafoni a anthu panagwa chithunzi. Uvuni ukufuka pakati pa Kamitondo, ndipo pamwamba pake, pa nthambi ya mtondo, mng'oma wa Ba Fabiano.

*

Lolemba anthu anadzaza pabwalo la tchalitchi. Woyamba kuimirira anali Ba Calvin, amene anatumiza chithunzicho. Awa ndi a ku mapuloti atsopano m'mphepete mwa nkhalango, ogwira ntchito mu ofesi ina ku Lusaka. Sanali membala, pakuti umembala ndi wa anthu a m'midzi, koma anali bwenzi la gulu. Makalata onse a ku boma ankatayipa ndi iwo, ndipo malaya obiriwira amene anthu anavala pa ndawala ya chaka chatha anasindikizitsa ndi iwo. Tsiku limenelo sanagwire munthu chanza. Ankangopereka chibakera chofumbata ngati anyamata a m'tauni, achikulire n'kumang'ung'udza chamumtima.

"Ine sinifuna kukamba vambili," anatero. "Chithunzi chikamba cheka. Sande kuma fotini, 2 koloko masana, ninapita kuongola miyendo, napeza chibili chili kupya kuchokela Chibelu. Mitengo seveni pansi. Pafupi na ming'oma ya ndani? Nakhala nikukamba, munthu wa malasha ni wa malasha. Nkhalango iyi ifunika waya na alonda. Kulibe wolowa, olo wa bowa olo wa uchi. Ndiye pamene mitengo izapulumuka."

Maso onse anatembenukira kwa Ba Fabiano. Mkuluyo anaika chipewa pabondo.

"Sinine," anatero.

"Nanga Chibelu na Sande munali kuti?" wina anafunsa. "Ku chechi simunaoneke."

"Ninali kwamene ninali."

Anthu anang'ung'udza. Akazi awo, Ba Mavis, anafotokoza misozi ili m'maso kuti bambowo anachoka Loweruka m'mawa, ati kukaona thole logula, n'kubwera Lamlungu madzulo. Thole silinaoneke, ndipo mwini tholelo dzina lake silinatchulidwe.

Apo mpamene anaimirira Ba Tryness Njobvu, mlembi wa gulu. Mayi ameneyu ndi wamasiye wa ng'ombe zitatu zamkaka. M'mawa uliwonse amapalasa njinga ndi zigubu ziwiri, kugawira makasitomala a ku mapuloti n'kukatula mkaka wotsala kwa ogula a ku Palabana. Munthu woyenda msewu umodzi tsiku ndi tsiku amauwerenga ngati nyuzipepala.

"Ba Twaambo nakamba nawo pa foni," anatero. "Azabwela Chinayi masana kumva nkhani iyi. Ngati ni membala, azalemba kuti ni membala, pepala izabwelela mu kabati. Nipempha munipase masiku aya atatu. Musathamangitse munthu mukalibe kuona na chibili chamene."

Anawapatsa. Koma potuluka, palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsanzika Ba Fabiano.

*

Lachiwiri atatula mkaka, Ba Tryness anakatenga Ba Yoramu. Nkhalamba imeneyi inawotcha makala zaka makumi atatu mpaka chifuwa chinailetsa, ndipo ndi Ba Fabiano sankamwerana madzi. Mkangano wawo unali wakalekale, wakuti katswiri weniweni wa uvuni ndani. Ba Tryness anawasankha dala. Mdani akakuyeretsa, anthu amamva.

Atafika pamalopo, Ba Yoramu anazungulira muluwo kamodzi, natsokomola, kenako anayamba kuseka mpaka anagwira mtengo.

"Mayo ine! Ichi ni chibili olo ni manda a galu?"

"Niuzeni vamene muona, atate."

"Poyamba, onani zitsa izi." Analoza ndi ndodo. "Iyi ni misuku. Yonse seveni. Wamalasha uti angasiye mitondo iyi, yonenepa so, n'kudula msuku? Malasha a msuku ni opepuka monga pepala, wogula amakubwezela thumba pamutu. Komanso onani zipatso, zinasala milungu ingati kuti zipse? Ise olo pamene tinali oipa, mtengo wa zipatso sitinali kuugwila. Ungadye chani pamene ulinda chibili? Uyu munthu anasankha misuku chifukwa ni yaing'ono, yosavuta."

Ba Tryness anagwada, napaka dzanja pa chitsa. Chinali chosalala ngati tebulo.

"Macheka," anatero Ba Yoramu. "Fabiano nkhwangwa yake imasiya chitsa chosongoka monga pensulo. Macheka anawagwilapo liti? Manje bwelani muone chokulilapo." Anazika ndodo pamulu, ndodo n'kulowa mosavuta. "Chibili timaphimba na zibuma, zamene timakumba pompano mozungulila, na mizu ya udzu ili momwemo kuti zigwilane. Ukachoka, pamasala ngalande. Ngalande ili kuti apa?"

Panalibe ngalande. Panali tizipsera tiwiri titatu pamene khasu linayesa nthaka ya Okutobala n'kulephera.

"Anayesa, nthaka inamukana," nkhalambayo inatero. "Ndiye anatuta mchenga. Mchenga, mama! Womangila nyumba! Umangogwela m'mipata, mphepo nayo ilowa mwamene ifunila. Kumwamba phulusa, pansi mitengo yaiwisi. Na palafini ninunkha. Mvelani, na Fabiano sitimvana, koma sininganame. Akanachita iye, sembe mwapeza malasha."

Ba Tryness anatola kamtengo, nagogoda mng'oma umene unali pamwamba pawo. Unalira ngati ng'oma yovinira. Njuchi zinali zitathawa utsi. Mlimi wa njuchi uti angayatse moto pansi pa chuma chake?

Kenako anauona: mzere umodzi wa tayala la wilibala, wopita ndi wobwera kambirimbiri. Anaulondola mpaka pamene unathera, pa msewu wa miyala wa ku mapuloti. Anaima n'kuyang'ana. Nyumba zomangidwa kumeneko zinali zisanu ndi zinayi, ndipo pakhomo pa iliyonse panali mulu wa mchenga ndi wilibala.

*

Ba Tryness anawapeza Ba Ednah akusinja mizu ya munkoyo kuseri kwa nyumba.

"Ine Chibelu masana ninalimo mu nkhalango, kumbali ya kumsinje, kukumba mizu," anatero mosadikira kufunsidwa kawiri. "Ninamvela, koma sininaone. Wilibala, mwandi, yolila monga nkhanga. Kwii-kwii, kwii-kwii, yapita. Kwii-kwii, yabwela. Mpaka mutu unaniwawa. Ninaganiza kuti ni omanga."

"Simunapite kukaona?"

"Mzimayi ali yekha mu sanga amathamangila phokoso? Nikali kufuna moyo ine. Koma chimozi ninamvesesa. Mtengo unagwa, ndiye munthu anakuwa, anatukwana. Mu Chizungu, ba Tryness! Imwe munamvelapo ba Fabiano akutukwana mu Chizungu? Aja akatukwana amatukwana mu Chinsenga, na mitengo imamva manyazi."

"Chifukwa chani simunakambe ku msonkhano?"

"Ananifunsa ndani? Onse anali kuyangana pa foni."

Ba Tryness anaseka pang'ono, nafunsa ngati anawaona a wapampando tsiku limenelo.

"Kuseniseni, ee. Pa njinga, kuloza ku Palabana. Anavala jekete ya ku chechi, na botolo ya uchi kumbuyo, yotseka na chitsononkho mwamene amachitila. Ninati mumtima, mdala uyu wapeza wachiwili kapena? Munthu sapita kukaona thole atavala jekete."

*

Lachitatu m'mawa, atatula mkaka ku Palabana, Ba Tryness sanabwerere msanga. Anakankha njinga pang'onopang'ono m'timisewu ta kumeneko, maso ali pamakhonde. Pakhonde lachisanu ndi chiwiri, pa kashelefu, panali botolo la uchi lotsekedwa ndi chitsononkho. Nyumbayo inali ya Ba Ezra, mphunzitsi wopuma ntchito, munthu wolankhula ngati akuwerenga m'buku.

"Mayi, mlendo wanga ndi mlendo wanga," anatero Ba Ezra atamva funso. "Ndinalonjeza kusunga pakamwa."

"Aphunzitsi, mawa munthu uyo azachosedwa pampando monga kawalala, na midzi itatu izataya nkhalango. Lonjezo lanu lilemela kupambana ivo?"

Mkuluyo anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope la ana asukulu. Analitsegula pamaso pa mayiwo.

Tsamba loyamba linali la mizere yokhotakhota ngati mapazi a nkhuku. Lachiwiri, zilembo zoyamba kuimirira. Masamba otsatira, kuyambira pamwamba mpaka pansi, mawu awiri okhaokha: Fabiano Mbewe, Fabiano Mbewe, Fabiano Mbewe. Pakona ya tsamba lililonse mphunzitsi analembapo tsiku. Masamba asanu ndi limodzi omaliza anali a Loweruka ndi Lamlungu.

"Wakhala akubwera Loweruka lililonse kuyambira mu Juni, maola awiri, mobisa," anatero Ba Ezra. "Sabata ino anagona konkuno chifukwa chilembo cha B chimamutembenukirabe. Zaka zinayi zapitazo, pa msonkhano wina m'tauni, anadinda chala pa pepala la obwera. Mnyamata wina wovala tayi anaseka n'kunena kuti chala cha wamalasha sichifuna inki, n'chakuda kale. Anthu anaseka nawo. Iye anangolumbira kuti pepala la nkhalango adzalisaina ndi cholembera, ndipo munthu asadziwe mpaka tsikulo."

Pobwerera, Ba Tryness anawapeza Ba Fabiano atakhala pa chitsa cha msuku, akuyang'ana mng'oma wopanda njuchi.

"Nachoka kwa ba Ezra," anatero mayiwo. "Lolani nikambe mawa. Kope ija izakumasulani."

"Mukakamba, nizachoka nekha mu gulu," anayankha osakweza mutu. "Nkhalamba ya zizukulu naini, kuimilila pa bantu na kope ya Giledi Wanu kuti anikhulupilile? Ngati zaka zinayi za uchi sizinakwane kuti anikhulupilile, asiye."

Mayiwo anaima ndi njinga yawo. Umboni wowombola munthu anali nawo m'manja, koma mwini wake anali atawamanga pakamwa. Njira inatsala imodzi yokha: kupeza mwini mchenga tsiku la mawa lisanafike pakati.

*

Masana anabwerera kwa Ba Yoramu. Zinawafikira m'mutu kuti nkhalambayo foni yake ndi yamabatani, ndiye kuti mudzi wonse unaona chithunzi chija kupatula munthu mmodzi amene akanatha kuchiwerenga.

Ba Yoramu anaigwira foniyo patali ndi maso, nalamula kuti achikulitse.

"Uyu anakamba kuti anachipeza liti?"

"Sande kuma fotini. Ati chinali kupya kuchokela Chibelu."

"Wanama." Anagogoda galasi ndi chikhadabo. "Utsi uyu ni wakhanda. Onani mwamene wayelela, wolemela, ukali kukwawa pansi. Apa pakamwa, uyu si moto wa udzu woyatsila? Udzu umapya mphindi zingati? Na mchenga ukali wosalala, ukalibe kugwela mkati. Chibili cha mchenga sichingagone usiku, mama, chikanakhala chitagwa kudala. Kulisani apa pamwamba. Tumadontho utu ni chani?"

Ba Tryness anayang'anitsitsa. Kuzungulira mng'oma kunali kamtambo ka timadontho takuda.

"Njuchi," anatero.

"Zikali kutuluka. Zikalibe kuthawa." Nkhalambayo inabweza foni. "Wojambula uyu anafika woyatsa akali na machisi kumanja. Manje mufunseni kuti anamuona ndani. Ngati sanaone munthu, ndiye kuti anali yekha."

*

Lachinayi m'mawa Ba Tryness anafika pa geti ya Ba Calvin monga mwa masiku onse. Bambowo anatuluka ndi jagi ya mkaka, atavala kale za ku ntchito.

"Ba Calvin, nithandizeniko kuseluza pansi chigubu ichi, cheni yachoka."

Munthu waulemu sakana mayi wamasiye. Anaika jagi pansi, nagwira zogwirira ziwiri za chigubu chodzaza, nanyamula. Anakuwa. Chigubu chinagunda pansi, mwamwayi chili chotseka. Bambowo anatambasula manja mosafuna, ndipo zikhatho zonse ziwiri zinali matuza okhaokha, ena ophulika, ofiira ngati nyama.

"Ndiye chifukwa chake munatipasa vibakela pa Mande," anatero Ba Tryness.

"Ni garden. Ninali kulima."

"Mu Okutobala?"

Mayiwo analowa pa geti osapempha, napita pa mulu wa mchenga umene mbali yake imodzi inali yokumbika, nagwira wilibala n'kuikankha mapazi asanu. Kwii-kwii. Kwii-kwii.

Ba Calvin anakhala pansi pa sitepe, buluku la ku ofesi lili pafumbi.

"Simungamvese," anatero potsiriza. "Kwamene ninakulila kunali mitengo kupambana kuno. Tinali kutola masuku popita ku sukulu. Ninapitako chaka chatha, ni fumbi yeka-yeka, olo pa kukhala pa mthunzi palibe. Bantu anali kulonjeza chimozimozi, ati tizasamala. Njala ikabwela, malonjezo amapya. Ninaona kuti pepala ija ikasainiwa, zaka zibili zitatu Kamitondo yatha. Ninati nitaye seveni kuti nipulumuse masauzande. Aboma akaona kuti bantu alephela, azaika waya."

"Mitengo ikhale, ise tichoke."

"Sininafune kuti ba Fabiano amangiwe. Ninafuna chabe kuti..."

"Munasankha pansi pa mng'oma wawo. Munaziba kuti bantu azakhulupilila, chifukwa wamalasha kumunamizila sikuvuta." Ba Tryness analoza pakhonde, pamene panali mbaula ndi thumba la makala lotsegula. "Iyo mbaula ipya na chani malaiti akapita? Mitengo ya kwanu inapita kuti, ba Calvin? Siinapite mu mambaula ya mu tauni? Wodula ni wakuda manja, wogula ni woyela. Ise tapeza njila yakuti munthu adye mtengo uli chiimilile. Ba Ednah aphunzisa bana na mizu ya mu nkhalango muja. Waya wanu uzawapasa chani?"

Bambowo anaweramitsa mutu. Ankangoyang'ana zikhatho zawo.

"Makalata yonse munatilembela, sitinaibale," mayiwo anapitiriza, mawu atatsika. "Ndiye chifukwa chake nabwela kuno poyamba, osati ku polisi. Msonkhano ni fotini. Mubwele mukambe mweka. Mukapanda kubwela, nizakankha wilibala iyi kuchoka pano mpaka ku chechi, ba Ednah ali kumbuyo kwanga."

Anathira mkaka mu jagi, pakuti kasitomala ndi kasitomala, nakwera njinga imene tcheni chake sichinachoke n'komwe.

*

Nthawi itakwana, bwalo linadzaza kuposa Lolemba. Ba Twaambo anakhala patebulo ndi kope lawo. Ba Yoramu anafotokoza za misuku, za macheka ndi za mchenga, nawonjezera zambiri zosafunsidwa za ukatswiri wawo. Koma munthu wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ngati si ba Fabiano, ni ndani? Nanga anali kuti?" Ba Tryness anayang'ana kumsewu. Kunalibe munthu. Anayang'ana Ba Fabiano, mkuluyo napukusa mutu pang'ono. Ba Twaambo anatsegula cholembera.

Ba Ednah ndiwo anayamba kumva. Anaimirira, dzanja kukhutu.

"Iyo! Ni yamene iyo!"

Kwii-kwii. Kwii-kwii. Phokoso linkachokera kumsewu wa ku mapuloti, likuyandikira pang'onopang'ono. Anthu anapatuka. Ba Calvin analowa pabwalo akukankha wilibala ndi manja okulungidwa nsalu, m'katimo muli macheka ndi botolo la palafini. Anaiimika patsogolo pa tebulo, nanena zonse, osasiyako.

Phokoso limene linabuka silinali laling'ono. Ena ankati apite ku polisi pompo, ena ankati asadzapondenso pabwalopo. Ba Twaambo anamenya tebulo.

"Awa si membala, ndiye pangano siinaphwanyike," anatero. "Mlandu wawo wodula mitengo uzayenda mwa lamulo, azabwela ku ofesi. Pepala nibwela nayo mawa."

Nthungululu zinayamba, koma Ba Fabiano anakweza chipewa, anthu natonthola.

"Vakuti asapondenso pano, ine nakana," anatero. "Uyu wadula seveni. Ine ninadula ingati? Olo Yoramu sangapende. Imwe simunaniikile waya, munanipasa mng'oma. Mchenga wake achose yekha, na wilibala yamene iyi, ndipo asaithile mafuta kuti tizimvela kuti ali pa ntchito. Zitsa zija anazicheka mopanda nzelu, mvula izakhala pamwamba, zizaola. Manja yakapola abwele, nimuonese kusema chitsa mopendeka kuti chiphuke. Azazilinda mpaka mphukila zinifike mu chiuno."

"Umuphunzisenso kusankha mitengo," anatero Ba Yoramu. "Watichitisa manyazi ise a ntchito."

Anthu anaseka, ndipo akuti ngakhale Ba Calvin anamwetulira misozi ili pamasaya. Koma funso lija, loti wapampando anali kuti, linatsala lili lendelende.

*

Lachisanu tebulo analiyala nsalu yoyera. Ba Twaambo anatambasula pepala, ndipo monga ankachitira zaka zonse zinayi, anatsegula kabokosi ka inki yodindira chala n'kukakankhira kwa wapampando.

Ba Fabiano anakayang'ana kabokosiko. Anakatseka ndi chala chimodzi, nakabweza. Kenako anapisa dzanja m'thumba la jekete ya ku tchalitchi n'kutulutsa cholembera.

Mkuluyo anawerama, lilime lili pakona ya mlomo. Anatenga nthawi imene munthu angamwere kapu ya munkoyo osafulumira. Atafika pa B wa dzina la bambo awo anaima, napuma, Ba Ezra amene anaima kumbuyo kwa anthu natseka maso. Cholembera chinayendanso. Ba Twaambo ananyamula pepala, naliwerenga mokweza: "Fabiano Mbewe."

Ba Mavis ndiwo anayamba kumvetsa. "Ndiye thole ija iyi!" anakuwa, nagwa m'manja mwa amayi anzawo akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Ba Yoramu anapita patebulo, nayang'ana zilembozo nthawi yaitali ngakhale kuwerenga sadziwa.

"Wazipanga bwino," anatero. "Mipata kulibe. Mphepo siingalowe."

*

Ku Kamitondo ndinafikako ndekha mvula itagwa kawiri. Zitsa zisanu ndi ziwiri ndinaziona, zosemedwa mopendeka, zisanu zitaphuka kale. Mng'oma uja uli ndi njuchi, ndipo imodzi inandilonjera pakhosi. Ba Ednah amalumbira kuti zinabwerera Lachisanu lomwelo, pa ola limene cholembera chinakhudza pepala. Zimenezo ndimangozimwera limodzi ndi munkoyo.

Chimene chimandivuta n'china. Ine ndinagwirapo ntchito yotuta mchenga ku Kafue, ndipo ndikudziwa kulemera kwa wilibala yodzaza. Kuchokera pa geti ya Ba Calvin kukafika pa zitsa zija ndinawerenga mapazi mazana asanu ndi atatu. Munthu mmodzi wa manja a mu ofesi, kucheka mitengo isanu ndi iwiri, kuidula zidutswa, kuiunjika, n'kututanso mchenga wokwanira kuphimba mulu wonsewo, tsiku limodzi la Okutobala? Ine sindikhulupirira kuti anali yekha. Ndinawafunsa Ba Tryness. Anandiyang'ana, namanga chigubu chawo panjinga, n'kunena kuti wilibala inali imodzi ndipo wolapa anali mmodzi. Ndikuganiza kuti dzina lachiwiri akulidziwa, ndipo analisiya dala kuti pepala lisainidwe. Umboni ndilibe, koma kukayika kwanga n'kumeneko.